Kukaona mathithi a m'mapiri a Angonia: njira yake imayambira pabwalo la mfumu

Chiyambire pamene ndinaonetsa anzanga a kuntchito zithunzi za mathithi ena aang'ono a kumtunda kwa chigawo chathu cha Tete kuno ku Mozambique, funso limene ndakhala ndikulandira ndi limodzimodzi: malo amenewa ali kuti, nanga munthu angafikeko bwanji? Ndayankha pa foni, ndayankha m'chapa (minibasi), ndayankha ngakhale pamaliro, ndipo tsopano ndaganiza zolemba kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizingomulozera pano.

Anthu ambiri akamva za Tete amangoganiza za kutentha, mtsinje wa Zambezi, malasha a ku Moatize ndi damu la Cahora Bassa. Koma kumpoto kwa chigawochi, m'maboma a Angonia, Tsangano ndi Macanga, dziko ndi lokwera ndiponso lozizira, ndipo phiri la Domwe lokha limapitirira mamita 2,000 kutalika kwake. Timitsinje tochokera m'mapiri amenewa timatsetsereka kukathira m'mitsinje ikuluikulu monga Revubwe, ndipo pamene madzi apeza thanthwe loduka amagwa n'kupanga mathithi. Amene ine ndimapitako ali pa mtunda wosakwana ola limodzi woyenda pansi kuchokera pamene njinga yamoto imalekezera. Dzina la mudzi wake sindilemba, chifukwa eni ake sanandilole kuitanira dziko lonse pakhomo pawo, komanso chifukwa zimene ndikufotokoza pano n'zofanana pa mathithi alionse a m'dera limeneli. Mukafunsa anthu oyendetsa njinga zamoto ku Ulongwe (likulu la boma la Angonia), ku Domwe kapena ku Tsangano, adzakutchulirani oposa amodzi.

1. Sankhani mwezi woyenera, osati tsiku limene mwangopeza tchuthi.

Mvula kuno imayamba chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala n'kulekeza cha mu Malichi kapena Epulo. Ambiri amaganiza kuti mathithi amakoma mvula ili pakati, ndipo n'zoona kuti nthawi imeneyo amalindima mpaka kumveka kutali, koma madzi ake amakhala ofiira ndi dothi la m'minda, misewu ya fumbi imasanduka matope oti njinga yamoto singadutse, ndipo kamtsinje kamene mwana amalumpha m'chilimwe kamatha kukokolola ng'ombe. Amene anaona zimene Revubwe anachita mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagumula mlatho wolumikiza mzinda wa Tete ndi Moatize, akumbukire kuti madzi ambiri a mtsinje umenewo amachokera m'mapiri omwewa. Nthawi yabwino ndi kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka mu Julayi, pamene madzi akadali ambiri koma ayera, ndipo njira zauma. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, mathithi ambiri amangotsala ngati ulusi wonyowa pa thanthwe, ndipo tchire limakhala litapsa ndi lupsa, moti mudzabwerako miyendo ili bii ndi phulusa popanda chimene mwaona.

2. Gonani pafupi, musayese kupita ndi kubwerera ku Tete tsiku limodzi.

Kuchokera mumzinda wa Tete mukwera chapa, kutanthauza minibasi yonyamula anthu, yopita ku Ulongwe. Imadzera ku Moatize, n'kutsata msewu wa ku Zobwe mpaka pa Mussacama, pamene imapatuka kuyamba kukwera mtunda. Ulendowu ndi wa makilomita opitirira 200, ndipo chapa sinyamuka isanadzaze, choncho tsiku loyamba liwerengeni kuti ndi la pamsewu basi. Amene akuchokera ku Malawi angalowere pa chipata cha Calomue, moyang'anizana ndi Dedza, ndipo alowe ndi mapepala oyenera ngakhale malirewo akuoneka ngati msewu chabe. Inu a m'dziko momwe muno musaiwale BI, chiphaso chanu cha unzika.

M'mawa mwake pezani wa njinga yamoto, ndipo mugwirizane naye zinthu zitatu musanakwere: mtengo wopita ndi kubwerera, nthawi imene adzakutengeni, ndi malo enieni amene adzakupezeni. Mupatseni theka la ndalama, lotsalalo adzalandire madzulo. Ambiri amalakwitsa podalira kuti adzamuimbira foni akamaliza, osadziwa kuti m'chigwa cha mtsinje netiweki imatha, ngakhale ya Movitel imene imafika m'midzi yambiri.

3. Nyamulani zochepa, koma zoyenera.

Nsapato ndiye nkhani yaikulu. Zikhale zotseka, zamphira wogwira pansi, osati patapata ndiponso osati nsapato zatsopano za ku ofesi. Valani thalauzi lalitali ndi malaya amanja aatali chifukwa cha udzu ndi chitedze, ndipo amayi anyamule chitenje ngakhale atavala thalauzi, pa chifukwa chimene chikubwera pa mfundo yotsatirayi. Tengani juzi, pakuti mu Juni ndi Julayi ku Angonia kumazizira moti wochokera ku Tete amanjenjemera ngakhale dzuwa litatuluka. Madzi akumwa mutenge anu, malita awiri munthu mmodzi, kapena mukhale ndi mankhwala a Certeza othira m'madzi otunga, popeza kumtunda kwa mathithi kuli midzi, madimba ndi ziweto, ndipo kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti mulibe kolera. Ndalama zikhale zosinthasintha za m'manja, chifukwa njira zotumizira ndalama pa foni za M-Pesa ndi e-Mola sizithandiza kumene kulibe netiweki. Onjezerani kamba wa panjira, jumbo yoikamo zinyalala zanu, ndi kamphatso ka kwa mfumu: paketi ya shuga, mchere ndi sopo n'zokwanira.

4. Kaonekereni kwa mfumu musanaponde njira ya kumtsinje.

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, chonsecho ndi pamene ulendo umakomera kapena kuipira. Timati mathithiwa ndi osadziwika, koma ndi osadziwika kwa ife a m'tauni okha. Kwa eni mudzi ndi malo amene amatunga madzi, amene agogo awo ankathirako nsembe mvula ikavuta, ndipo njira yopitako imadutsa m'minda ya anthu ndiponso kawirikawiri m'mphepete mwa manda. Palibe chipata kapena wogulitsa matikiti, koma zimenezo sizitanthauza kuti malowo alibe mwini.

Ine ndinaphunzira ndi manyazi. Ulendo wanga woyamba tinapita anthu anayi pa galimoto ya mnzathu, tinaiimika m'mphepete mwa dimba la kachewere, n'kutsika kumtsinje popanda kupereka moni kwa aliyense kupatula ana amene ankatithamangira. Pobwera tinapeza anyamata atatu atakhala phee pamthunzi pafupi ndi galimotoyo, ndipo wamkulu mwa iwo anaimirira, n'kutiuza mwaulemu kwambiri kuti amfumu akutidikira. Tinakhala pabwalo mpaka dzuwa kupendeka, tikufunsidwa kuti ndife yani, tatumidwa ndi ndani, ndipo tikufufuza miyala yanji kumtsinje. Funso lomalizali musalione ngati lachibwana: m'chigawo chimene anthu aona midzi ikusamutsidwa chifukwa cha malasha, ndiponso kumene ofuna golide amakumba m'mitsinje, mlendo wonyamula chikwama ndi kamera wolowera kutchire mwakachetechete amadzetsa mantha. Kenaka tinauzidwa kuti njira yachidule imene tinadzera inali ya kumanda. Tinalipira chindapusa, ndipo sindinganene kuti anatilakwira. Safunsa anadya phula.

Chitani motere. Mukafika m'mudzi, tsikani pa njinga ndipo mufunse munthu wamkulu, osati mwana, kuti akulozereni kwa amfumu kapena kwa anyakwawa. Nyakwawa ndi mfumu yaing'ono yoyang'anira mudzi kapena chigawo cha mudzi, ndipo m'mapepala a boma mfumu yaikulu imatchedwa régulo. Kuyambira chaka cha 2000, pamene boma linakhazikitsa lamulo lovomereza atsogoleri a m'midzi, ambiri a iwo ali ndi yunifolomu ndi mbendera ya dziko pakhomo pawo, choncho nyumba yokhala ndi mbendera ndi poyambira pabwino. M'midzi ina mulinso mlembi wa mudzi, secretário, ndipo ngati akuperekezani kwa iye musakane, chifukwa aliyense ali ndi mbali yake ndipo simukufuna kulowa pakati pawo.

Mukafika pakhomo imani chapatali n'kunena kuti "Odi", ndipo mudikire kuyankhidwa. Vulani chipewa ndi magalasi akuda. Khalani pamene akulozerani, pa mphasa kapena pa mpando, ndipo musayambe kulankhula muli chiimire. Amayi amange chitenje asanalowe pabwalo ndipo agwade popereka moni, abambo anyonyomale pang'ono akuomba m'manja. Lolani moni uthe wonse, mufunsidwe za kumene mwachokera ndi amene mwawasiya, musanatchule za mathithi. Ngati pali nduna imene ikulankhulira amfumu, mawu anu alunjike kwa ndunayo ngakhale amfumuwo akumva okha. Mmodzi yekha wa gulu lanu, makamaka wamkulu, ndiye alankhule, ndipo mawu ake angakhale otere: "Zikomo amfumu, ife ndife alendo anu, tachokera ku Tete. Tinamva mbiri ya mathithi ali kumunsi kwa mudzi wanu uno, ndiye tati tisadzere kuseri ngati akuba, koma tiyambe taonekera kwa eni nthaka. Sitikufuna miyala kapena mitengo, tikungofuna kuona ndi maso n'kujambula. Ngati kuli kotheka, mutipatseko mwana wotitsogolera."

Mphatso iperekedwe ndi manja awiri, kudzera mwa nduna ngati ilipo, ndipo iperekedwe mutamaliza kufotokoza, kuti isaoneke ngati mukugula yankho. Ngati muikapo ndalama, zipindeni bwino kapena muziike mu envulopu. Kutulutsa chikwama n'kumawerenga ndalama pamaso pa mfumu ndi chipongwe. Musafunse kuti "ndi zingati", popeza simuli pamsika. Amfumu ena amatchula okha ndalama ya chitukuko cha mudzi, ndipo ikakhala yopyola mphamvu zanu mungathe kudandaula mofatsa kuti mwayenda ndi zochepa, koma osati kukangana.

Tsono mvetserani zimene akuuzeni, chifukwa ndi pano pamene mudzamve malamulo a malowo: mbali imene simuyenera kusamba, mtengo umene simuyenera kuthyola, ngati sopo amaloledwa padziwe, ngati pali tsiku limene sapitako. Simukakamizidwa kukhulupirira zifukwa zake, koma mukakamizidwa kutsata. Ndipo yankho likhoza kukhala loti ayi. Ngati m'mudzi muli maliro, chinamwali kapena gule, adzakuuzani kuti mubwere tsiku lina, ndipo musayese kuzemba n'kudzera njira ina. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ali ndi malo ake obisika otchedwa dambwe, amene nthawi zambiri amakhala kumanda kapena m'nkhalango ya m'mphepete mwa mtsinje. Munthu wosameta, ndiye kuti wosalowa gule, saloledwa kufikako, ndipo n'chifukwa chake kulowa gule ena amakutcha kugula njira. Inu simunagule njira, choncho yendani imene mwapatsidwa.

5. Landirani wokutsogolerani, ngakhale njira ikuoneka yosasokoneza.

Mtundawo ndi waufupi, koma tinjira ta kumadimba, ta kunkhuni ndi ta ng'ombe timapingasana paliponse, ndipo mapu a pa foni sasiyanitsa. Wokutsogolerani ndi umboninso woyenda nawo woti mwaloledwa, moti aliyense wokumana nanu safunsanso zambiri. Gwirizanani naye za cholowa chake musananyamuke, pamaso pa amene wakupatsaniyo. Mnyamata wina anatcha ndalama yake chipondamthengo, mawu amene kwenikweni amanena za ndalama yopatsa sing'anga kuti akalowe m'tchire kukafuna mankhwala, ndipo ndinaona kuti anatchula bwino, pakuti ndi iye amene amayamba kuponda pamene pali njoka. Ngati ndi tsiku la sukulu, kanani mwaulemu kupatsidwa mwana wasukulu. Mugawireni kamba wanu.

6. Panjira, yendani mondondozana kumbuyo kwake.

Musadule njira podzera m'munda, musathyole nzimbe, mapichesi kapena chimanga cha mwini, ndipo musajambule amayi amene akuchapa kapena kusamba. Mukamayandikira padooko, pamene anthu amawolokera ndi kusamba, wokutsogolerani adzafuula "Odi kumadziko!" ndipo muime mpaka ayankhidwe. Mukaona nthambi zopingasa njira kapena nsanza zomangidwa pa mtengo, musadumphe musanafunse.

Chitedze muchidziwe musanachikhudze. Ndi chomera choyanga pa udzu ndi m'mitengo, cha nyemba zopindika zokutidwa ndi ubweya wofiirira, ndipo chimauma m'miyezi yomweyi imene ndakulangizani kuti mupite. Ubweya umenewo ukakugwerani pakhosi mudzavula malaya pamaso pa apongozi. Musakande, chifukwa kukanda kumaulowetsa m'khungu. Anthu a kumudzi amapaka dothi lonyowa n'kulisiya liume kuti lichotse ubweyawo, kenaka amatsuka, ndipo chovalacho sachivalanso chisanachapidwe. Njoka yoopsa panjira zoterezi ndi mphiri, chifukwa siithawa, imangogona pamene pali kadzuwa. Yang'anani pamene mukuponda, ndipo musalowetse dzanja m'ming'alu ya miyala. Wina akalumidwa, musateme pabalapo, musayamwe, ndiponso musamange mwendo mothinitsa. Mugonekeni, mwendowo usagwedezeke, ndipo mumunyamule msanga kupita kuchipatala cha ku Ulongwe kapena china chapafupi.

Chomaliza pa mfundo imeneyi n'chokhudza nkhondo. Dera lino linavutika kwambiri pa nkhondo imene inatha mu 1992, ndipo ngakhale dziko la Mozambique linalengeza mu 2015 kuti lamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse odziwika, zipolopolo ndi zida zina zakale zimapezekabe apo ndi apo. Chitsulo chadzimbiri chimene simukuchidziwa musachitole kapena kuchimenya ndi phazi, koma muuzeni wokutsogolerani kuti akanene kwa amfumu.

7. Potsika ndi powoloka, chepetsani liwiro.

Mamita omaliza ndi amene amavulaza anthu. Phokoso la madzi likayamba kumveka aliyense amafulumira, pomwe njira imayamba kutsetsereka ndipo dothi limakhala lonyowa ndi nthunzi ya mathithi. Foni ilowe m'chikwama kuti manja onse awiri akhale omasuka. Tsikani chammbali, mmodzimmodzi, motalikirana kuti mwala umene wagubuduzika usagwere mnzanu, ndipo pamene patsetsereka kwambiri khalani pansi n'kutsika chokhala, palibe manyazi. Muzu kapena nthambi muyambe mwaikoka musanaikepo thupi lonse. Udzu sugwira munthu.

Pa miyala ya m'madzi mdani ndi ndere, zobiriwira kapena zakuda zoterera zija zimene zimamera pamene madzi amanyowetsa nthawi zonse. Mwala wouma wotuwa umagwira phazi, mwala wakuda wonyezimira umaterera ngati therere. Kuli bwino kuponda pa mchenga wa pansi pa madzi n'kunyowetsa nsapato kusiyana ndi kulumpha pa miyala pofuna kuziteteza. Tengani ndodo, yang'anani kumene madzi akuchokera, ndipo musunthe phazi limodzi linzake litakhazikika. Madzi othamanga akapitirira m'mawondo, bwererani. Kumtunda kwa mathithi, pamene madzi amayambira kugwa, musawolokepo ndiponso musaimirirepo kuti mujambulidwe, ngakhale pataoneka posaya chotani, chifukwa thanthwe la pamenepo ndi losalala ndipo mukaterereka palibe chogwira.

8. Mukafika, onani kaye dziwe musanaganize zosamba.

Dziwe ndi malo akuya pamene madzi amagwera. Funsani ngati n'kololedwa kusambamo, ndipo ngati n'kololedwa lowani pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete mukuyesa ndi ndodo. Musadumphiremo kuchokera pamwamba, pakuti mvula ya chaka chilichonse imabweretsa miyala ndi zipika zatsopano, moti pamene panali pakuya chaka chatha lero pakhoza kukhala mwala. Pansi penipeni pa mathithi madzi amazungulira n'kukokera munthu pansi, ndipo kuzizira kwake kumaumitsa miyendo ngakhale ya wodziwa kusambira. Zimene akuluakulu amanena kuti dziwe lakuti limameza anthu zili ndi maziko ake. Mowa usiyeni ku Ulongwe.

Likodzo limafala kudzera mu nkhono zazing'ono za m'madzi odekha, okhala ndi udzu ndi bango, makamaka pamene anthu ambiri amasamba ndi kuchapa. M'madzi ozizira othamanga chiopsezo n'chochepa koma sichitheratu, choncho mukaona magazi m'mikodzo kapena kutentha thupi patapita milungu ingapo, pitani kuchipatala n'kunena kuti munalowa mumtsinje. Mankhwala ake, praziquantel, alipo.

Ngati mwapita kumayambiriro kwa nyengoyi, mvula isanatheretu, yang'anirani madziwo nthawi zonse. Mvula ikhoza kugwa kuphiri inu muli padzuwa. Madzi akayamba kufiira, akayamba kubweretsa masamba ndi tizitsotso, kapena mkokomo wake ukasintha, kwerani kumtunda nthawi yomweyo, kumbali imene kuli njira yanu yobwerera, osayamba mwalongedza katundu. Mukapeza kamphika, ufa kapena mikanda patsinde pa mtengo, imeneyo ndi nsembe ya anthu, musaikhudze kapena kuijambula. Mabotolo, zitini ndi mapepala anu zibwerere nanu m'jumbo ija, ndipo musalembe maina anu pa thanthwe.

9. Nyamukani dzuwa likadali pamwamba, ndipo mukatsanzike.

Mu Juni dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo m'chigwa mdima umafika msanga kuposa pamenepo. Kukwera kumatenga nthawi yaitali kuposa kutsika, choncho pofika 2 koloko masana mukhale mutayamba kubwerera. Mukafika m'mudzi musathamangire pa njinga. Bwererani pabwalo paja, munene kuti mwayenda bwino ndipo nonse mwabwerako, chifukwa amene anakulolani wakhala akuwerenga kuti munatsika angati. Mulipireni wokutsogolerani pamenepo. Ngati pali ogulitsa kachewere, nyemba kapena kabichi, gulani osanenerera kwambiri, ndipo aonetseni amfumu zithunzi zimene mwajambula. Funsaninso ngati akulolani kutchula dzina la mudzi wawo mukamaonetsa anzanu zithunzizo. Ine ndinafunsa, ndipo anandiyankha kuti wofuna kubwera ndizibwera naye ndekha.